A Buleki ndi dipuloma ya pa intaneti

Amuna anga ntchito yawo ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Anayamba ndisanawadziwe, ndipo kuntchito kwawoko palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Buleki. Dzinali linabwera chifukwa cha phazi lawo. Mukakwera nawo basi, njinga ikangotulukira kutsogolo, iwo amaponda pansi mwamphamvu ngati pali buleki pamenepo. Tsiku lina anaponda chala cha mayi wina amene ananyamula mazira pamiyendo. Sitinatsikemo mwaulemu m'basi imeneyo.

Ndi munthu wofatsa, pamenepo sindinganame. Wophunzira akazimitsa galimoto pakati pa mphambano, anthu onse akuliza mahutala ndi kutukwana, iwo amangoti, "Palibe kanthu, lizaninso." Koma kufatsa kumeneko kuli ndi kuseri kwake. Akaika mtima pa chinthu simungawabweze. Amangopita pang'onopang'ono mu giya wani, osamva za munthu, mpaka nonse mutafooka.

Ine ndimasoka makatani ndi nsalu zoyala pabedi. Makina anga ankakhala m'kachipinda ka kumapeto kwa nyumba, ka zenera limodzi loyang'ana pa waya woyanikapo zovala. Ana athu anakula n'kuchoka, ndiye pakhomo tinatsala atatu: ine, iwo, ndi apongozi anga, mayi awo, amene makutu anayamba kuwavuta ndipo amalankhula mokweza ngati ogontha ndife.

Za sukulu zinayamba tsiku limene anaperekeza ophunzira awo kukayesedwa. Woyesa amene anatuluka mu ofesi, atavala yunifomu yosita bwino, anali mtsikana amene iwo anamuphunzitsa kale, yemwe nthawi imeneyo ankalira akangomva kuti lero tiphunzira rivesi. Anawapatsa moni waulemu, "Aphunzitsi, muli bwanji?" Kenako anawalozera benchi ya panja kuti adikire pamenepo. Amuna anga atafika kunyumba anangokhala pampando. Akumasula zingwe za nsapato ndi pamene anati:

"Mayi a ana, ine ndikufuna ndikhale woyesa."

"Woyesa chiyani?"

"Woyesa oyendetsa galimoto. Ndafunsa kale. Akuti pamafunika dipuloma."

"Ndiye mukaitola kuti dipulomayo, ndi imvi zimenezi?"

"Pa intaneti. Masiku ano sumapita kusukulu, sukulu ndi imene imabwera kunyumba."

Ndinangoseka, poganiza kuti pofika Loweruka akhala ataiwala. Sukuluyo inabweradi kunyumba. Inadutsa pabalaza, inadutsa kuchipinda chogona, n'kukakhazikika m'chipinda changa chosokera.

Mwana wathu wamkazi anawatumizira laputopu yake yakale, yothothoka batani limodzi. Iwo anandipempha malo pa tebulo langa lodulirapo nsalu. "Pakona pokha, pongoika kachinthuka." Pakonapo panakula. Panabwera mabuku, panabwera nyale, panabwera kapu ya zolembera, mpaka ine ndinayamba kudulira nsalu pansi, chogwada, ngati ndikupempha chikhululukiro.

Anandifotokozera mmene sukulu yawoyo imayendera. Akuti phunziro lililonse ukakhoza amakupatsa zinthu zotchedwa makirediti. "Zili ngati njerwa," anatero. "Umaunjika pang'onopang'ono, zikakwana ndiye kuti dipuloma yamangika."

"Nanga njerwa zanuzo zikwana liti?"

"Tiona mmene msewu ulili."

Makalasi awo ankachitika akaweruka kuntchito, nthawi imene ine ntchito imandigwira bwino chifukwa kunja kwazizira. Ndikangoponda makina, iwo amatembenuka n'kuika chala pakamwa. Ndikasiya makina n'kutenga sizasi, akuti nayonso ikumveka. Ndinafika poopa kutsokomola m'nyumba mwanga momwe. Chodabwitsa n'chakuti iwo, amene ankandiletsa phokoso, sankadziwa kutseka maikolofoni yawo. Tsiku lina ndili kukhitchini ndinakuwa kuti, "Bambo a ana! Kabudula wanu wong'ambika kumbuyo uja ndimusoke, kapena ndimusandutse chokolopera?" Kenako ndinamva mawu a mzimayi akutuluka mu laputopu, akunena mwaulemu kuti amene ali ndi nkhani ya kabudula atseke kaye maikolofoni, ena akufuna amve phunziro. Anthu a m'kalasimo, ochokera kutali sindikudziwa n'komwe, ankaseka onse. Iwo anandikwiyira mpaka m'mawa, ngati kabudulayo ndinang'amba ndine.

Miyezi yoyambayo ankakhoza bwino, ndipo ine ndinayamba kunyada chamumtima. Sindinadziwe kuti maphunzirowo ankasankha okha ngati mwana amene wasiyidwa yekha mu shopu. Anaona phunziro la mbiri ya mizinda yakale, analitenga. Anaona la nyengo ndi mitambo, nalonso analitenga. Ndikamaanula zovala mvula ili pafupi, iwo amaima pakhomo manja ali m'thumba n'kumandiuza dzina la mtambo umene ukubwerawo. Ndimati, "Dzina lake ndalimva, tagwirani dengu ili." Iwo n'kumati, "Umenewo si wa mvula." Mvula n'kugwa.

Kenako mlangizi wa kusukuluko anawaimbira. Ndinali pomwepo ndikupinda nsalu, ndiye ndinamva zonse. Anawayamikira kuti akukhoza bwino kwambiri, koma anati makirediti a mizinda ndi a mitambo aja sawerengedwa pa dipuloma ya zamayendedwe ndi chitetezo cha pamsewu imene iwo analembetsa. Foni itatha anandiyang'ana monyengerera.

"Akuti njerwazo n'zabwino, kungoti si za nyumba yathu."

"Ndiye miyezi yonse ija ine ndimagwada pansi kuti inu muzimanga nyumba ya eni?"

"Chidziwitso sichitayika, mayi a ana."

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwathu kuno nkhuyu amadya ndi akulu, yopotedwa ndi mimba yanga.

Atabwerera mu msewu woyenera anakumana ndi phunziro la masamu owerengera ngozi za pamsewu. Limeneli ndiye linawagwira pakhosi. Ankadzuka nalo, ankadya nalo, ankapita nalo kubafa akung'ung'udza manambala. Mayeso ake anali oyang'aniridwa ndi kamera. Malamulo ake anandiwerengera mokweza, ngati ine ndi amene ndikulemba: munthu akhale yekha m'chipinda, chitseko chotseka, khoma lopanda zolembalemba, wina asalankhule, ndipo maso asachoke pa sikirini. Asanayambe azungulitse kamera chipinda chonse kuti aone ngati sanabise munthu kunsi kwa tebulo.

Loweruka la mayesolo ndinachotsa pakhoma mapepala anga onse a miyezo ya mazenera a makasitomala. Makina ndinawafunditsa nsalu. Apongozi ndinawauza kawiri, mokweza, kuti lero m'chipindamo musalowe munthu, iwo n'kuvomera ndi mutu. Ndinatenga mpando n'kukhala pakhomo pa chipindacho ngati mlonda. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene kasitomala wina anagogoda kugeti kudzatenga makatani ake. Sindinachedweko ayi. Koma pobwerera ndinapeza chitseko chili pululu, apongozi ali mkati, akusanthula m'madilowa.

"Iwe, magalasi anga sunawaone?"

"Amayi, tulukani, ndili pa mayeso," iwo ankanong'ona, maso ali pa sikirini.

"Wati chiyani?"

"Mayeso, amayi!"

Apongozi anawerama, nkhope yawo n'kudzaza kamera yonse. "Ameneyu ndiwe? Koma m'menemu wanenepa bwanji!"

Sikirini inasintha mtundu. Panabwera uthenga woti mayeso aimitsidwa chifukwa mwapezeka munthu wachiwiri m'chipinda. Magalasi aja anali pamutu pa apongozi.

Amuna anga anadandaula kusukuluko ndipo anawapatsa mwayi wina. Ulendo uno anati nyumba sakuikhulupiriranso. Anapempha bwana wawo kuti Lamlungu, kuntchito kulibe anthu, akalembere m'galimoto yophunzitsira, itaimikidwa pabwalo pamene amayeserera rivesi. Anati kumeneko netiweki ndi yamphamvu, ndipo akakhoma zitseko palibe wa magalasi angalowe. Ine ndinati ayende bwino, ndipo tsiku limenelo ndinaponda makina anga mwaufulu, ndikuimba. Anabwera madzulo akumwetulira, atanyamula malalanje. Anati mafunso onse anawalowa bwino ngati paking'i ya pamalo otakasuka.

Patapita masiku angapo kunabwera imelo. Anaiwerenga ali chiimire, kenako anakhala pansi n'kuiwerenganso. Inati zotsatira zawo zaimitsidwa kaye, chifukwa makina oyang'anira mayeso aona kuti maso awo ankachokachoka pa sikirini, ndipo akuwaganizira kuti ankabera. Akaonekere pamaso pa komiti, pa intaneti pomwepo.

Sanakuwe. Anatseka laputopu, anaikulunga mu thaulo, n'kukaiika pamwamba pa wadiropu. Anachotsa mabuku, nyale ndi kapu ya zolembera pa tebulo langa, analipukuta bwinobwino, n'kunena kuti, "Tebulo lanu ilo, mayi a ana."

Ndinayenera kusangalala. Tebulo lonse linali langa, phokoso ndinkapanga mmene ndikufunira. Koma akaweruka ankangokhala pabalaza kuyang'ana wailesi ya kanema yosayatsa. Chakudya ankangochigwiragwira. Nthawi zina amayankhula okha: "Ine wakuba? Ine amene ndimaima pa loboti yofiira ngakhale msewu wonse uli mbee?" Kenako kuusa moyo kwautali, kofika mpaka kuchipinda chosokera. Kuusa moyo kumeneko kunanditopetsa kuposa makalasi, kuposa mitambo, kuposa zonse. Tsiku lina ndinasiya katani ili pakati pa msoko, ndinakwera pampando, ndinatsitsa laputopu ija n'kuwaikira pamiyendo.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyenda chonyang'ama m'nyumba mwanga. Mawondo anga ada ndi kugwada. Anthu osawadziwa anandiseka chifukwa cha kabudula wanu. Ndiye lero muzingosiya basi? Mukaonekera ku komitiko."

"Akandichititsa manyazi."

"Manyazi munawaona kale pa mazira aja, simunafe."

Tsiku la komiti anavala shati yoyera ndi tayi, kumunsi atavala masilipasi. Anandiuza kuti ndikhale kunja. Ndinakhaladi kunja, koma chitseko ndinachisiya chotsegula pang'ono, ndipo pamene ndinaima sikirini inkaoneka bwino. Panali nkhope zitatu: amayi ena a magalasi amene ankatsogolera nkhaniyo, abambo ena adazi, ndi mphunzitsi wawo wa masamu uja. Amayi a magalasiwo analankhula mwaulemu, anati palibe amene waweruzidwa, akungofuna kumva mbali yawo. Kenako anaonetsa vidiyo ya tsiku la mayeso.

Amuna anga anaoneka atakhala ku mpando wawo wa masiku onse, wa mphunzitsi, atamanga ndi lamba yemwe. Amawerenga funso, kenako maso kumanja. Kubwerera pa sikirini, kulemba pang'ono, maso m'mwamba. Kulembanso, maso kumanzere. Zinkangobwerezabwereza choncho, osalekeza.

"Bambo, kumanjaku munkayang'ana chiyani?" anafunsa amayi a magalasi. "Kunali munthu? Kunali pepala?"

Iwo anadziyang'ana okha mu vidiyomo ngati akuona mlendo. Kenako anati, "Sindikukumbuka kuti ndinkayang'ana."

Ngakhale ine wosaphunzira ndinadziwa kuti yankho limenelo likuwamiza. Abambo adazi aja anawerama n'kuyamba kulemba. Ine ndinayang'anitsitsa vidiyo ija. Kumanja, m'mwamba, kumanzere. Kumanja, m'mwamba, kumanzere. Mutu umenewu ndakhala nawo pafupi zaka zambirimbiri, ndipo kutembenuka kumeneko ndinakuzindikira. Ndinakankha chitseko, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi.

"Pepani akuluakulu, ndalowa osaodira. Ndine mkazi wawo. Amenewo ndi magalasi a galimoto akuyang'anawo."

"Mayi a ana, tulukani!"

"Khalani chete inu, mwalephera kudziyankhira. Amayi, munthuyu amaphunzitsa kuyendetsa galimoto. Tsiku lonse amauza anthu kuti galasi la kumanja, galasi la pakati, galasi la kumanzere. Akakhala m'galimoto khosi lake limayenda lokha, iye sadziwa n'komwe. Taibwezani vidiyoyo muone ngati akuyang'ana pena paliponse kupatula malo atatu omwewo."

Anaibwezadi. Tonse tinaonera limodzi, ine nditawerama paphewa pawo. Chapakati pa vidiyoyo chithunzi chinagwedezeka mwadzidzidzi, laputopu inadumpha, kunaoneka denga la galimoto, kenako nkhope yawo inabwereranso.

"Nanga apa chinachitika n'chiyani?" anafunsa mphunzitsi wa masamu.

Amuna anga anakanda kumutu. "Apo ndakumbuka. Kutsogolo kunadutsa galu. Ndinaponda buleki."

"Galimotoyo inkayenda?"

"Ayi, inali yoima."

Abambo adazi aja anazimitsa kamera yawo msangamsanga, koma tinkawamvabe akuseka mpaka kutsokomola. Amayi a magalasi anagwira pakamwa, kenako anadzikonza n'kunena kuti atiuza chigamulo pa imelo.

Chigamulo chinabwera. Anati n'zoonekeratu kuti sanabere, ndipo dzina lawo layera. Ine ndinayamba kale kululutira. Koma munsi mwake munali mawu ena: malamulo amati mayeso alembedwe m'chipinda, ndipo galimoto si chipinda. Choncho mayeso aja sawerengedwa. Alembenso, ulendo uno ku holo ina ya m'tauni, moyang'aniridwa ndi munthu wamoyo. Mayeso amodzi omwewo, kachitatu! Ndinafunsa kuti nanga sukulu ija inkati imabwera kunyumba, yasanduka bwanji yoti munthu aikwerere basi? Iwo anangoti, "Palibe kanthu, tilizanso."

Anakalemba, ndipo anakhoza mopulumukira pa kachingwe. Anati mafunso a ulendo wachitatuwu anali ovuta kuposa a m'galimoto aja, ndipo mpaka lero akakumbuka amadandaula kuti malikisi awo abwino anapita ndi galu.

Njerwa sizinakwanebe. Malo a woyesa analengezedwa nthawi imene iwo anali kalikiliki ndi mitambo, ndipo anatenga ndi munthu wina. Akuti adzalengezanso, anthu amapuma pantchito chaka chilichonse. Makina anga ndinawasamutsira pabalaza, pafupi ndi zenera lalikulu, ndipo alendo akabwera amakhala pakati pa milu ya nsalu. Apongozi amauza aliyense wobwera kuti mwana wawo amagwira ntchito ku wailesi ya kanema.

Sabata yatha kusukuluko anawapatsa asayimenti yoti acheze ndi munthu wa bizinesi yaing'ono, amufunse mmene amayendetsera katundu wake, ndipo ajambule mawu. Ndinkaganiza kuti apita kwa wa golosale. Ndinangoona akukoka mpando, kukhala moyang'anana nane, foni n'kuiika pa makina anga.

"Tiyambe. Dzina lanu ndani, mayi?"

"Mukunena zoona?"

"Ndi mmene alembera. Yankhani momveka."

Ndinayankha, phazi ndikulichotsa pa makina. Anandifunsa kuti bizinesiyi ndinayamba liti, ndinawauza kuti chaka chimene mwana woyamba anayamba sukulu, iwo n'kuti, "Oo, kalekale chonchi?" Anandifunsa kumene ndimagula nsalu. Kenako anafika pa funso lenileni.

"Katundu wanu mumakafikitsa bwanji kwa makasitomala?"

"Ndimamanga mtolo, ndimasenza mpaka pa siteji, ndimakwera basi. Ndikatsika ndimasenzanso."

"Makatani olemera aja? A nsalu ziwiri aja?"

"Omwewo. Ndi ndodo zake zopachikira."

"Ndodo zimalowa m'basi?"

"Zimatulukira pazenera. Kondakitala amandinena ulendo uliwonse. Nanga inu mumaganiza kuti zimauluka?"

Anasiya kuyang'ana mafunso awo aja n'kundiyang'ana ine kwa kanthawi. Anafunsanso zina zimene sizinalembedwe: ngati mvula inandipezapo m'njira, ngati khosi silindipweteka, kasitomala wakutali kwambiri amakhala kuti. Ndinawayankha zonse, ndipo ndinapezeka ndikunena zinthu zimene sindinauzepo munthu, za tsiku limene mtolo unagwera m'matope ndipo ndinakachapa makatani a eni ake kwa mchemwali wanga kuti pakhomo pano pasadziwike. Tinacheza mpaka dzuwa linachoka pa zenera. Pamapeto anandithokoza mwaulemu ngati mlendo, anatenga foni ija kuti amvere, anaidinadina, anaitembenuza, kenako anatsokomola pang'ono.

"Mayi a ana."

"N'chiyaninso?"

"Zikuoneka kuti batani lojambulira sindinalidine."

Ndinawayang'ana. Iwo anaikanso foni ija pa makina, anakonza kolala ya shati, n'kuwongola pepala la mafunso.

"Tingoyambiranso mwachangu. Dzina lanu ndani, mayi?"

Ndinachotsa foniyo, ndinawapatsa m'manja nsonga ya katani kuti agwire, n'kuwauza kuti akoke molunga mpaka ndimalize mpendero, za dzina tikambirana pambuyo pake.